Shopu ya zolimira chamba cha ku Randburg: dothi ndi mapoto ndi bho, mabotolo awo aja asiyeni

Ndinalowa mu shopu imeneyi, ya ku Randburg mu Johannesburg muno, mwezi wa Seputembala chaka chatha ndili ndi R1,500 m'thumba, potuluka ndinatsala ndi ya takisi yokha komanso katundu amene theka lake mpaka lero ali pa shelefu kungodya fumbi. Ndadikira dala kuti nyengo ithe kaye, ndakolola, ndayanika, nde pano ndikudziwa chimene chinagwira ntchito ndi chimene anangondidyera nacho ndalama.

Ndinene kaye za lamulo poti ndikudziwa ena ayamba kale kunena kuti uyu zamulowa m'mutu. Kuno ku South Africa khoti la Constitutional Court linagamula pa 18 Seputembala 2018 kuti munthu wamkulu atha kudzala ndi kusuta chamba pamalo pake payekha, ndipo mu Meyi 2024 a Cyril Ramaphosa anasayina lamulo la Cannabis for Private Purposes Act. Kugulitsa ndi mlandu mpaka pano, kusutira pagulu kapena pamaso pa ana ndi mlandunso. Kwathu ku Malawi nkhani ndi ina, lamulo la 2020 limalola okhawo ali ndi laisensi ya Cannabis Regulatory Authority, nde ngati mukuwerenga izi muli ku Area 25 kapena ku Ndirande osati mawa mukadzale kuseri kwa bafa muziti ndinaona pa foni, ku Maula mukalowa nokha ine kulibeko.

Shopu yake ndi yaying'ono, ili pakati pa malo ochapira magalimoto ndi ogulitsa matayala, panja simungadziwe n'komwe. Mkati ndi mwaukhondo, fungo la dothi lonyowa, kumbuyo ayimika matenti akuda aja olimiramo m'nyumba ndi magetsi owala mopweteka m'maso. Ogulitsa alipo awiri, mnyamata wina wa ndevu wolankhula ngati wailesi ndi sisi wina wofatsa amene amakhala pa kauntala. Ndikuuzeni pompano kuti shopu yonseyi ndi sisi ameneyu. Mnyamatayo atangomva kuti ndine wa ku Malawi maso anachita kutuluka, Malawi Gold, Malawi Gold, chamba chotchuka cha kwathu chija, ngati ndayenda nacho m'thumba, kenako anayamba kundikokera ku tenti ya R4,000 ndi kanthu. Ndinamuuza kuti aise ine ndili ndi kabwalo kotchinga ndi mpanda kuseri kwa nyumba ndipo dzuwa la ku Joni sililipiritsa. Tenti ndi yabwino kwa amene ali pa fulati, koma imafuna magetsi maola 18 pa tsiku pamene mbewu ikukula kenako maola 12 ikayamba maluwa, ndi mmene mayunitsi akuthera masiku ano ine ayi.

Ndinagula matumba awiri a dothi losakaniza kale, mapoto a nsalu a malita 25 anayi, mabotolo atatu a feteleza wamadzi, kachipangizo kachikasu koyezera pH (muyezo wa asidi m'madzi), botolo la mafuta a nimu ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Njere sagulitsa, zanga 6 anandipatsa mnzanga wochokera ku Durban.

Ine ndinakulira ku Kasungu, bambo anga anali a fodya wa bale, nde nazale, kuwokera, kuthena, chigafa, zonsezi ndinazidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Ndinkaona ngati palibe chondiphunzitsa. Njere ndinaziika pakati pa tishu wonyowa m'mbale n'kuvundikira, pa tsiku lachitatu zisanu zinatulutsa kamuzu koyera ngati kamchira, imodzi inakana basi. Ndinazidzala m'timakapu ta yogati toboola pansi, kuya kwake ngati chikhadabo, ndipo zinatuluka ndi timasamba tiwiri tozungulira tosaoneka ngati chamba n'komwe, aja a mano mano amabwera pambuyo, koyamba limodzi limodzi kenako a zala zitatu, zisanu, mpaka zisanu ndi ziwiri. Apa ndi pamene ndinalakwa. Dzanja la pa nazale ya fodya linazolowera khenu m'mawa ndi madzulo, nde ndinkathirira tsiku ndi tsiku, wiki yachiwiri kamodzi kanangowonda pa tsinde penipeni pa dothi n'kugwa chagada. Ndinapita ndi chithunzi ku shopu, sisi uja anangoyang'ana kamodzi n'kundifunsa kuti ndimathirira kangati, nditamuuza anaseka. Anati ndizinyamula kapu, ikalemera ndisiye, ikapepuka ndithirire, kapena ndipise chala, ngati pansi pali chinyontho madzi asayandikire. Sanandigulitse kanthu tsiku limenelo ndipo zinayi zotsalazo zinapulumuka.

Dothi lawo ndilibe nalo mawu. Ndi lopepuka, muli makoko a kokonati opera, timiyala toyera tija amati perlite ndi manyowa a nyongolotsi, madzi amadutsa bwino osadikha. La pabwalo panga ndi katondo wofiira wouma gwa ngati njerwa, mizu ikanavutika. Mapoto a nsalu nawo poyamba ndinkawaderera kuti ndi zikwama za kumsika chabe, koma mizu imapuma, siizungulira m'mbali ngati mu ndowa ya pulasitiki, komanso ali ndi zogwirira. Zogwirira zimenezi zinandipulumutsa kawiri. Koyamba ndi mu Novembala, amene mukukhala kuno mukudziwa mvula ya masana ija yobwera ndi matalala, kumwamba kunangoda bii ndili pakhomo mwamwayi, ndinakokera mapoto onse pakhonde, mphindi khumi kenako sipinachi wa akazi anga anali ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Kuipa kwake amauma msanga kukatentha, mu Disembala ndinkathirira pafupifupi tsiku lililonse mbewu zitakula.

Tsopano mabotolo. Lina akuti lokulitsa, lina la maluwa, lina lowonjezera mphamvu kaya mphamvu yanji, atatuwo anadya pafupifupi theka la ndalama yanga. Mnyamata uja sanandiuze kuti dothi lomwe wandigulitsa lili kale ndi chakudya chokwana mwezi ndi kuposa, nde ine nditangowokera ndinayamba kuthira monga analembera pa botolo. Nsonga za masamba zinapsa, kuchita chikasu kenako bulauni n'kupindika, masamba obiriwira modera ngati apakidwa polishi. Ndinkaona ngati ndi matenda. Sisi anati ndi kukhuta, ndithirire madzi okhaokha wiki ziwiri ndipo ndikadzayambanso ndizithira theka la muyezo. Zomwe mbewuyi imafuna si zachilendo kwa munthu woti analimapo chimanga, ikamakula imafuna nayitrojeni wambiri, ikayamba maluwa nayitrojeni achepe ipeze fosifolasi ndi potaziyamu. Manyowa a nkhuku owola bwino akanagwira ntchito ya botolo loyambalo, lachitatulo ndinalitsegula kamodzi sindinaone kusintha kulikonse.

Kachipangizo ka pH ndiye kanandikwiyitsa zenizeni. Pa dothi madzi amafunika akhale pakati pa 6 ndi 7, kupanda apo mizu imalephera kukoka chakudya ngakhale chilipo. Kanagwira wiki zitatu, kenako madzi omwewo a pa mpopi m'kapu yomweyo kakuti 5, ndikatulutsa n'kubwezeramo kakuti 8. Nditabwerera nako ndi risiti anati kamafuna madzi ena ake okonzera muyezo omwe amagulitsa padera, ndipo sangasinthe poti ndinatsegula. Nanga munthu angadziwe bwanji kuti chinthu n'chakufa osatsegula? Ndinagula timadontho toyezera pH tosintha mtundu tija pa mtengo wochepa ndipo ndi timene ndagwiritsa ntchito mpaka kukolola.

Kuthena ndinachita ndekha osafunsa, mbewu itafika mfundo zisanu ndinadula kansonga, m'malo mwa mutu umodzi inatulutsa iwiri n'kuyamba kutambasuka m'mbali, zomwe zinandithandizanso kuti isapitirire mpanda. Koma chinandiseketsa n'chakuti zonse ndi zotembenuza. Pa fodya timathena kuti duwa lisabwere, mphamvu ipite ku tsamba poti tsamba ndiye ndalama. Apa tsamba ndi la ntchito chabe, chimene ukudikira miyezi yonseyi ndi duwa lomwe bambo anga ankalithyola n'kutaya mu mzere.

Chakumapeto kwa Januwale ndi pamene zinayamba kuonetsa kuti ndani ndi ndani. Chamba chili ngati papaya, pali chachimuna ndi chachikazi, ndipo umayang'ana pa mphanda pamene nthambi yatulukira pa tsinde. Chachikazi chimatulutsa titsitsi tiwiri toyera ngati ndevu za chimanga chanthete, chachimuna timipira tating'ono tolendewera, timeneto tikaphulika mungu umauluka ngati wa ngayaye ndipo zazikazi zonse zimangodzaza njere m'malo monenepa. Pa zinayi zanga ziwiri zinali zamphongo, ndipo imodzi inali yokongola kuposa zonse, yaitali kufika pachifuwa. Ndinaizula mtima ukuwawa, akazi anga ali pakhonde kuseka kuti amuna ndi choncho, kutalika kokha.

Zazikazi ziwiri zija imodzi inayamba maluwa bwinobwino mu Febuluwale usiku utayamba kutalika, inayo inangopitiriza kukula masamba ngati sinamve kuti nyengo yasintha. Dothi limodzi, madzi amodzi, njere za munthu mmodzi. Ndinapitanso ku shopu, mnyamata uja anathamangira botolo lina la R300 akuti lofulumizitsa maluwa, sisi anamudula n'kundifunsa funso limodzi, kodi usiku pamene pali potoyo pamakhala mdima weniweni? Usiku umenewo ndinatuluka cha m'ma 11 kukaima pamenepo. Getsi la sekyulite la aneba limayaka usiku wonse ndipo limadutsa pamwamba pa mpanda kugwera ndendende pa mbewu imeneyo, ndinkatha kuwerenga mizere ya m'manja mwanga, pamene inzakeyo inali mu mthunzi wa thanki. Mbewuyi imawerenga kutalika kwa mdima, ukasokonezedwa imaona ngati chilimwe chikadalipo. Apa zogwirira zija zinandipulumutsa kachiwiri, ndinangozigwira n'kukokera poto kuseri kwa thanki, patatha masiku ngati khumi titsitsi toyera tinali mbuu nsonga zonse. Ndikanakhala kuti ndinadzala pansi sindikudziwa ndikanatani, mwina kukagogoda kwa aneba kuti azimitse getsi lawo mu Johannesburg muno, akanandiona ngati ndine wakuba amene.

Mafuta a nimu anagwira ntchito pa akangaude ofiira, omwe aja amavuta pa tomato, timadontho toyera pamwamba pa tsamba ukatembenuza n'kupeza tikuyenda. Ndinkapopera madzulo kunsi kwa masamba masiku angapo aliwonse, koma maluwa akayamba umasiya chifukwa fungo lake limakakamira. Nde mbozi za mu Malichi ndinalimbana nazo ndi manja, m'mawa uliwonse kutsegula duwa lililonse ngati tikusaka ntchemberezandonda m'chimanga. Pamene mbozi yadya n'kunyerapo, mvula ikagwa pamayamba chuku chotuwa mkati mwa duwa, kunja likuoneka bwino koma ukaligwira limangofumbutuka. Mitu iwiri ikuluikulu ndinadula n'kutaya. Izi ku shopu sanandichenjeze, ndipo munthu wogula mapoto a panja mu Seputembala amayenera kuuzidwa.

Kagalasi kaja ndi kamene kanali kotchipa pa zonse koma ndi kamene ndakakonda. Pa duwa pamakhala timadontho tonata ngati shuga, ukayang'ana pa galasi ndi tibowa ting'onoting'ono tokhala ndi mitu. Poyamba timaoneka mbee ngati madzi, kenako ngati mkaka, kenako tina timayamba mtundu wa uchi, ndipo nthawi yodula ndi pamene tambiri tili mkaka tochepa uchi. Ndi maso okha ndikanadula wiki ziwiri msanga poti titsitsi tinali titafiira kale ndipo masamba akuluakulu akuchita chikasu n'kuyoyoka. Yoyamba ndinadula kumapeto kwa Epulo, ya getsi ija inachedwa mpaka pakati pa Meyi ine mtima uli m'mwamba kuopa chisanu. N'chifukwa chake za Malawi Gold zomwe mnyamata uja ankalota ine sindingayese pabwalo kuno, mbewu ya ku Nkhotakota inazolowera kotentha ndipo imatenga nthawi yaitali pa maluwa, kuzizira kwa kuno kukhoza kuipeza isanakhwime.

Kuyanika ndiye kunali kwathu. Ndinapachika nthambi chadodolido pa waya m'kachipinda kosungira katundu, mumdima, zenera lotsegula pang'ono, chimodzimodzi chigafa. Masiku 11, kanthambi ukakapinda n'kuthyoka kuti thwa osati kungopindika, basi zauma. Kenako m'mabotolo a galasi, kutsegula kamodzi pa tsiku kwa wiki ziwiri kuti chinyontho chituluke, fungo la udzu limachoka pang'onopang'ono. Ku shopu amagulitsa mabotolo akeake a zimenezi pa mtengo woti ungagule nkhuku ziwiri, ine ndinatsuka a mayonezi. Fungo lokha konzekani, wiki yoyanika ija akazi anga anachotsa zovala za ku tchalitchi n'kukazisunga kwa mchemwali wawo, ndipo kachipindako ndinaika loko chifukwa cha ana.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu ndi theka, ndipo ziwiri mwa zimenezo ndi za sisi wa pa kauntala. Ngati mupita, pitani pakati pa wiki m'mawa, Loweruka kumadzaza ndipo mugwera m'manja mwa wa ndevu. Seputembala akubwerayu ndikagulako matumba awiri a dothi basi, mapoto ndachapa ndapinda ali pansi pa bedi, manyowa ndalankhula kale ndi mdala wina woweta nkhuku ku Diepsloot.