Kaofesi ka za misonkho pa Kamuzu Road: kwa ife a geni ya pa foni, pitaniko koma musathamangire VAT

Anthu a geni ya pa WhatsApp kuno ku Salima mwakhala mukundifunsa za mayi aja amathandiza zolembetsa ku MRA, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi aliyense awerenge. Dzina la kaofesi sinditchula, koma amene mumayenda pa Kamuzu Road mukukadziwa, ndi kachipinda kamodzi kamene amapangiramonso fotokope ndi kutayipa makalata, kutsogolo kumakhala ana asukulu akudikira mapepala awo, mayiwo amakhala kumbuyo ndi laputopu ndi fani yomwe imangozunguza mphepo yotentha yomweyo.

Geni yanga ndi ija ambiri tikupanga masiku ano, katundu sindisunga. Ndimaika zithunzi za zikwama, nsapato ndi ma wigi pa status ndi pa Facebook, munthu akakonda amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ine ndimaoda kwa munthu wanga ku Lilongwe kapena kwa wina amene amapikula ku Kariakoo ku Dar es Salaam, katundu amakwera minibasi kupita kwa kasitomala, wina ku Senga Bay, wina ku Chipoka, wina mpaka ku Dwangwa. Zina sindiziona n'komwe ndi maso. Azungu amati dropshipping, ife timangoti za maoda. Chomwe chidandipititsa kumeneko ndi loji ina ya kunyanja yomwe inkafuna matawulo ndi nsalu zapabedi zambiri ndithu, ndipo a akaunti awo adafunsa TPIN, nambala ija ya wolipira msonkho imene MRA imapereka, ndi lisiti ya VAT, msonkho uja umaonjezedwa pa mtengo wa katundu. Ndiye ndidapita ndi mtima woti andilembetse zonse tsiku lomwelo oda isandiphonye.

TPIN adandipangira osavuta, adalowa pa Msonkho Online, webusaiti ya MRA, kufunsa chiphaso chaunzika, nambala ya foni, imelo, ndi pepala lolembetsera dzina la bizinesi. Apa palibe chodabwitsa, munthu wodziwa intaneti atha kudzipangira yekha, ndipo mayiwo adanena okha kuti TPIN ku MRA sagulitsa, chomwe ukulipira kwa iwo ndi ntchito ya manja awo ndi bandulo. Izi zidandisangalatsa chifukwa alipo ena amakuuza ngati nambalayo ndi yogula.

Pa VAT m'pamene adandikhazika pansi. Adati, "Achemwali, musanandiuze kuti ndikulembetseni, tandionetsani ndalama zimene zimalowa mu foni mwanumo." Adatenga sitetimenti yanga ya Airtel Money ndi kabuku kanga ka maoda, n'kuyamba kuwonkhetsa ndi kakyuleta yaikulu ija ya m'magolosale. Ndipo chomwe adandiuza ndi chimene ndikufuna aliyense wa geni iyi amve bwinobwino, chifukwa m'magulu athu timanamizana kwambiri. Malire olembetsera VAT sayang'ana phindu lako ayi, amayang'ana ndalama zonse zimene wagulitsa pa chaka. Panthawiyo malire anali K25 miliyoni pa chaka, kale anali K10 miliyoni, ndipo nduna ya zachuma imatha kuwasuntha pa bajeti ndiye mukapita mufunse chiwerengero cha chaka chino. Ife timamva miliyoni zimenezo n'kuseka kuti aaa ine ndingafike kumeneko, koma taonani masamu amene adandilembera kuseri kwa envulopu. Chikwama chimodzi ukugulitsa K60,000, kwa munthu wako ukulipira K45,000, yako ndi K15,000. Ukagulitsa zikwama 40 pa mwezi, zomwe si zambiri kwa amene status yake imaonedwa, ndi K2.4 miliyoni, pa chaka K28.8 miliyoni. Wadutsa kale malire a nthawi ija, pomwe m'thumba mwako mwatsala K7.2 miliyoni yokha usanachotse thiransipoti, bandulo ndi zodula za mobile money. Iwe ukudziona ngati munthu wongodutsitsa ndalama, koma pa pepala wagulitsa ndiwe, chifukwa mtengo waika ndiwe, ndalama yonse yalowa kwa iwe, ndipo chikwama chikafika chong'ambika kasitomala amatukwana iwe osati wa ku Kariakoo.

Ndidafunsa kuti nanga ngati ine ndimangodya komishoni? Adati zimenezo ndi nkhani ina, ngati ulidi ejenti, mwini katundu ndiye akugulitsa ndipo yako ndi komishoni basi, koma pakhale pepala losonyeza mgwirizanowo, osati mavoisi noti a pa WhatsApp oti "sisi tizigawana." Ambirife tilibe pepala lotero ndipo mitengo timaika tokha, ndiye tisadzinamize.

Ine masamu anga adatuluka pansi pa malire, patali ndithu. Apa m'pamene ndidaona kuti mayiwa si adyera, chifukwa akanatha kungondilembetsa, kulandira yawo, kenako mwezi uliwonse ndizibwera kudzawalipira kuti anditumizire maritani, malipoti aja ouza MRA zimene wagulitsa. Adati kulembetsa mwakufuna kwako kulipo, koma taganizani kaye. Ukalowa mu VAT, mwezi uliwonse uyenera kutumiza ritani pofika pa 25 mwezi wotsatira, olo mwezi umenewo sunagulitse ngakhale sokosi, umatumizabe yopanda kanthu, ukachedwa pali chindapusa. Malisiti ako ayenera kutuluka mu njira yovomerezeka ndi MRA, panthawiyo tinali timakina ta EFD totulutsa malisiti tija tidayamba cha mu 2014 timene munkationa m'mashopu akuluakulu, osati kabuku ka malisiti kogula ku sitolo ya mabuku. Ndipo choopsa kwambiri pa geni yathu ndi mtengo. Nthawi imeneyo VAT inali 16.5 peresenti, ndiye chikwama cha K60,000 chija chikhala K69,900, pomwe mnzako wa status ina akugulitsa chomwecho pa K60,000, kasitomala wa ku Khombedza sangakufunse kawiri, amangokusiya pa blue tick. Ukati ayi mtengo ndisakweze, ndiye kuti mkati mwa K60,000 muja pafupifupi K8,500 ndi ya boma, pa K15,000 yako ija watsala ndi zingati?

Chimene chimapulumutsa olembetsa n'chakuti VAT imene walipira pogula katundu umaichotsera pa imene watolera. Ngati munthu wako wa ku Lilongwe ndi wolembetsa ndipo wakupatsa lisiti yeniyeni, mkati mwa K45,000 muja muli pafupifupi K6,400 ya VAT, ndiye ku boma ukapereka K2,100 ndi kanthu basi. Koma tinene zoona, ndani mwa ife amene munthu wake amapereka lisiti yotero? Katundu wambiri amalowa pa Songwe m'dzina la wina, m'mabelo osakaniza a anthu khumi, iwe umangolandira chithunzi cha jumbo yolembedwa dzina lako ndi maka. Palibe pepala, palibe chochotsera. Ndiye VAT yonse imakugwera wekha.

Pa za katundu wochokera kunja adandimasulanso pena pomwe anthu amasokoneza. Wina amaganiza kuti poti sanalembetse VAT ndiye kuti akaoda pa msika wa pa intaneti wa AliExpress kapena kwa ejenti wa ku Guangzhou salipira VAT pa kasitomu. Ayi ndithu. Katundu akamalowa m'dziko, kaya pa Mwanza, pa Dedza, pa Songwe kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu, msonkho wa kasitomu ndi VAT zimalipiridwa ndi amene dzina lake lili pa mapepala, wolembetsa ndi wosalembetsa yemwe. Kusiyana kwake n'kwakuti wolembetsa amadzaichotsera, winayo imangolowa mu mtengo wa katundu. Ndiye ngati phukusi likupita m'dzina la kasitomala wako muuziretu, asadzadzidzimuke akamuitana kuti akalipire kaye asanatenge, chifukwa foni yoyamba yaukali ibwera kwa iwe. Ndipo kusalembetsa VAT sikutanthauza kuti msonkho wina uliwonse sukukukhudza, wa pa zopeza za bizinesi ulipo pawokha, apa adabwereza kawiri atandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Tsopano zoipa zake, poti si zonse zokoma. Choyamba mtengo wa ntchito sunalembedwe paliponse, amakuyang'ana kaye kenako n'kutchula, mnzanga wogulitsa mpunga wa ku Lifuwu pa Facebook adalipira mosiyana ndi ine pa ntchito yomweyo ya TPIN. Funsani mtengo musanakhale pampando. Chachiwiri magetsi akazima ntchito yaima, alibe jenereta olo kasola, laputopu yawo batire idafa kalekale ndiye imazima limodzi ndi babu, ndipo mukudziwa mmene Salima imatenthera mu Okutobala, kudikira m'kachipinda ka malata kaja ndi chilango. Bola kupita m'mawa. Chachitatu pa foni sayankha, ukalemba meseji Lolemba yankho limabwera mwina Lachinayi, lalifupi, "bwerani ku ofesi." Kwa munthu wa ku Nkhotakota zimenezi ndi thiransipoti yapawiri pa M5 chifukwa cha funso loti akanangoyankha ndi mawu awiri. Komanso kamtsikana kamene kamawathandiza kamafunsa pasiwedi ya Msonkho Online n'kuilemba m'kope lomwe limangokhala poyera pa tebulo, pamodzi ndi za anthu ena onse. Ine ndidakasintha yanga nditangofika kunyumba, inunso muzitero, imelo ndi nambala ya foni zolembetsera zikhale zanu osati za ofesi.

China, mayiwa amadziwa bwino za ogulitsa m'dziko momwe muno, koma ndidawayesa funso la mchimwene wanga amene amafuna kugulitsa kwa azungu kudzera pa sitolo ya pa intaneti ya Shopify katundu akuchokera ku China kupita ku London osadutsa kuno. Adayankha mosabisa kuti kumeneko kuli malamulo akeake a VAT ndipo iwo sagwira zimenezo, apite kwa ma akauntanti a ku Lilongwe. Ena angaone ngati kulephera, ine ndidaona bola kusiyana ndi kumulembera zabodza.

Za loji ija zidatha motere, mayiwo adandilembera invoisi yokhala ndi TPIN yanga yopanda VAT, n'kundiuza kuti ndisayerekeze kulembapo VAT chifukwa kutolera VAT usanalembetse ndi mlandu. A akaunti a ku loji adailandira kwa matawulo, koma nsalu zapabedi adakagula kwa kampani yolembetsa ya ku Lilongwe poti kumeneko VAT amaichotsera. Zidandiwawa pang'ono, koma nditawerenga oda imodziyo sikanalipira mavuto a miyezi 12 ya maritani.

Ndiye amene makasitomala anu ambiri ndi maloji a ku Senga Bay, masukulu kapena mabungwe, ndipo mumagula kwa anthu opereka malisiti enieni, pitani mukakambirane nawo za kulembetsa, mwina kwa inu zikuthandizani. Amene muli ngati ine, zikwama ndi ma wigi kwa anthu wamba, tengani TPIN, muwapemphe akuwonkhetsereni za chaka, ndipo mutenge sitetimenti ya manambala onse amene mumalandirira ndalama kuphatikizapo ya amuna anu ija mumapereka yanu ikadzadza, chifukwa amafunsa.