Sailensa, gasiketi, porting kapena silinda yaikulu: chimene chimawonjezeradi mphamvu pa chainsaw yaing'ono

Eni ma chainsaw ang'onoang'ono, a 30cc mpaka 50cc, amabwera ndi funso limodzimodzi: ndigule silinda yaikulu yotchipa ija, ndiboole sailensa, kapena ndipereke makinawa kwa wodziwa kusema mabowo a m'silinda, ntchito yotchedwa porting? Zonsezi anthu amati ndi kuwonjezera mphamvu, koma sizifanana phindu lake, ndalama zake, ngakhale ngozi yake. Ndineneretu kuti masilinda opanda dzina olembedwa big bore, kutanthauza a bowo lokulirapo kuposa a ku fakitale, ndilibe nawo chikondi, ndipo zifukwa zake muziona m'munsimu.

Musanamasule bawuti iliyonse ya injini, yang'anani tcheni. Pa makina a 30cc, tcheni yobuntha kapena bar (chitsulo chimene tcheni imazungulirapo) yotalikitsa imadya mphamvu yambiri kuposa imene mungaipeze pokonza injini. Tcheni yaing'ono ya 3/8 imanoledwa ndi tupa ya 4.0mm pa madigiri 30, ndipo tizitsulo tokhala kutsogolo kwa dzino lililonse tizitsika ndi 0.65mm poyerekeza ndi nsonga ya dzinolo. Bar ya 30cm kapena 35cm yokhala ndi tcheni yopyapyala ya 1.1mm imatsegula mpata wopapatiza, choncho injini siivutika. Makina akamatulutsa fumbi m'malo mwa zipalapala, vuto si injini. Yezaninso compression, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda. Injini yabwinobwino imakhala cha pa 150 psi, ndipo ikatsikira ku 120 ndiye kuti maring'i atha kapena pisitoni yakalika. Konzani zimenezo kaye.

Pa njira zonse zokhudza injini, sailensa ndiyo imapereka zambiri pa ntchito yochepa. Makina ambiri amatuluka ku fakitale ndi kabowo ka utsi kakang'ono kuti akwaniritse malamulo a phokoso ndi utsi, ndiye utsi umatsakamira, kutentha n'kumabwerera ku pisitoni. Chotsani sailensa pa injini musanaboole, chifukwa kachitsulo kamodzi kakagwera m'silinda ntchito yonse yawonongeka. Yezani kukula kwa bowo la ekizozi mkati mwa silinda, kenaka kuzani potulukira utsi mpaka pafike pa magawo 70 kapena 80 pa 100 a bowolo. Kupitirira apo mumangopeza phokoso, ndipo makina amayamba kuvuta akamalira pang'onopang'ono. Utsi uzilunjika kutsogolo, kutali ndi pulasitiki ndi chogwirira cha buleki ya tcheni. Kasefa kotchinga zothetheka kabwezeretseni, makamaka ngati mumadula pa udzu wouma. Tsukani zitsulo zonse ndi kupemerera mphepo musanamange.

Apa ndiye pali mtengo wobisika umene ambiri sauwerengera. Utsi ukamatuluka mosavuta, injini imakoka mpweya wambiri ndipo imafuna petulo wambiri. Mukapanda kutsegula screw ya H pa kabureta, yowonjezera kapena kuchepetsa petulo pa liwiro lalikulu, injini imalira mokweza mosangalatsa, mwini wake n'kumati zatheka, pamene pisitoni ikuuma ndi kutentha mpaka imakalika mbali ya ku ekizozi. Tembenuzirani H kumanzere pang'onopang'ono injini itatentha, sefa ya mpweya ili yoyera. Mukapana moto wonse tcheni ili m'malere, kulira kuzimveka kobwatabwata, ndipo kuziyera tcheni ikangolowa mu mtengo. Chovuta n'chakuti makina ena ali ndi koyilo yodula moto pa liwiro loikidwiratu, ndipo kudulako kumamveka ngati kubwata komweko, choncho khutu lokha lingakunamizeni. Gulani tachometer, chida choyezera liwiro la injini, ndipo musapyole liwiro lolembedwa m'buku la makina anu, lomwe pa ambiri lili pakati pa maulendo 12,500 ndi 14,000 ozungulira pa mphindi. Ma screw ena ali ndi tizipewa ta pulasitiki toletsa kutembenuza, tofunika kuchotsa kaye. Ma Stihl MS 170 ndi MS 180 ambiri alibe n'komwe screw ya H, ndiye woboola sailensa yake ayenera kuganiziranso zosintha kabureta. Ambiri amaikapo Walbro WT-215, ndipo nayonso imafuna kukonza kanjira ka impulse, kobweretsa kugunda kwa mpweya kuchokera mu injini, kuti ipope petulo. Makina a M-Tronic ndi AutoTune, a kabureta yoyendetsedwa ndi kompyuta, amadzisinthira okha.

Njira yachiwiri, yochotsa gasiketi ya pansi pa silinda, imakomera makina ena okha. Pa Husqvarna 346XP kapena Stihl MS 260, silinda imakhala payokha, yomangidwa ndi mabawuti 4 pamwamba pa gasiketi ya pafupifupi 0.5mm. Mukaichotsa, silinda imatsika, mpata wa pakati pa pisitoni ndi denga la silinda umachepa, compression n'kukwera. Mphamvu yake mumaimva pa mtengo waukulu, pamene makina amaleka kutsamwa mukawapanikiza. Koma yezani musanamate. Mangani silinda popanda gasiketi, lowetsani waya wofewa wa solder pabowo la pulagi mpaka ugunde khoma molunjika ndi pini ya pisitoni, tembenuzani flywheel, gudumu lozungulira limodzi ndi injini, ndi dzanja, kenaka yezani pophwanyika ndi veniya. Mpata uzikhala cha pa 0.5mm. Ukachepera 0.45mm, pisitoni idzamenya denga injini ikatentha, ndiye dulani gasiketi yopyapyala m'malo mosiya popanda. Pomata gwiritsani ntchito zomatira zosasungunuka ndi petulo monga Dirko HT kapena ThreeBond 1184, mopaka pang'ono. Silikoni wamba amafewa ndi petulo n'kuyamba kulowetsa mpweya. Pa MS 170, MS 180 ndi MS 250 njirayi kulibe, chifukwa silinda ndi theka la pamwamba la crankcase, bokosi la pansi pa injini, ndi chitsulo chimodzi.

Kupala kiyi ya flywheel ndi 0.5mm kuti moto uzifulumira kumathandiza pang'ono pa makina ena, pa ena ayi, ndipo chingwe chimayamba kukankha dzanja poliza. Dziwani kuti chogwira flywheel si kiyi koma kuthina kwa shafiti, choncho pukutani mafuta onse ndi kumanga nati mokwanira.

Porting ndiyo imapambana zonse pa mphamvu ikagwiridwa ndi munthu wodziwa, ndipo ndiyo imapha masilinda ambiri ikagwiridwa ndi wophunzira. Kukuza bowo la ekizozi m'lifupi kuli ndi malire: lisapyole magawo 65 mpaka 70 pa 100 a kukula kwa silinda, siketi ya pisitoni izilitsekabe ndi 1.5mm kapena 2mm mbali iliyonse, ndipo mapeto a maring'i asadutse pabowo. M'mphepete monse mosemedwa muzisalazidwa kuti ring'i isakodwe. Kukweza denga la bowolo kumawonjezera liwiro koma kumachotsa mphamvu yokoka, zimene injini ya 30cc ilibe zoti itaye. Popanda gudumu la madigiri, loyezera nthawi imene mabowo amatseguka ndi kutsekeka, musayambe. Pa makina otchipa, malipiro a katswiri amatha kuyandikira mtengo wa makinawo, ndiye ntchitoyi ndi yoyenera pa chainsaw ya 50cc yomangidwa molimba.

Tsopano silinda yaikulu. Tiyambe ndi masamu. MS 170 ili ndi silinda ya 37mm, imene imapereka 30.1cc. Mukaikapo ya 38mm mumafika pa 31.8cc, kuwonjezera kosakwana magawo 6 pa 100. Zimenezo zikanakhala phindu ndithu zikanakhala kuti zina zonse zatsala chimodzimodzi, koma pa masilinda opanda dzina sizitero. Kawirikawiri mpata wa pamwamba pa pisitoni umapezeka uli 1mm kapena kuposa, ndiye compression imatsika kuposa ya silinda yakale. Pamene kunja kwa silinda sikunakule koma bowo lamkati lakuzidwa, tinjira tokweza petulo kuchokera pansi timapanikizika, ndipo mkati mwake mumakhala mokhakhala ndi zotsalira za chikombole. Munthu amapezeka ali ndi injini yokulirapo papepala, yofooka mu mtengo.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi mmene zimafera. Silinda ya aluminiyamu imadalira kachikuto kopyapyala kolimba ka mkati, ka Nikasil kapena chrome. Pa zotchipazi kachikutoko kamayamba kusupuka m'mphepete mwa bowo la ekizozi, pamene sanasalaze bwino, ndipo zidutswa zake zimakanda pisitoni ndi maring'i. Choopsa china ndi tizitsulo togwira pini ya pisitoni. Tambiri timabwera tofewa, tili ndi makutu aatali opindika, ndipo pa liwiro la 13,000 khutu limathyoka kapena kachitsulo konse kamafwamphuka. Kakalowa pakati pa pisitoni ndi khoma kamalima mzere m'silinda, zotsala n'kugwera m'maberingi a pansi. Kachitsulo kosakwana ndi kambewu ka chimanga komwe kamapha silinda, pisitoni ndi crankshaft nthawi imodzi, ndipo wogulitsa amangoti munamanga molakwika.

Onjezanipo ntchito imene chithunzi cha malonda sichionetsa. Pa makina a silinda yolumikizana ndi crankcase, kusintha silinda ndiye kutulutsa injini yonse m'thupi la pulasitiki, kuchotsa clutch ndi flywheel, kutsegula chivundikiro cha pansi, kugula masilo atsopano a crankshaft, kumata, kenaka kuyeza ndi pampu pa 0.5 bar ngati sipakutuluka kapena kulowa mpweya. Mukadumpha kuyezaku, kampata kakang'ono kamaumitsa injini ngakhale kabureta itakonzedwa bwino. Palinso nkhani ya pini: pa MS 170 ndi MS 180 pali ya 8mm ndi ya 10mm, ndipo ambiri amazindikira kuti agula yolakwika injini ili kale m'zidutswa. Silinda yeniyeni ya ku fakitale, ngakhale yakale, imaposa yatsopano yopanda dzina. Ikakhala ndi aluminiyamu ya pisitoni yomatirira pakhoma koma kachikuto kali bwino, imapalidwa ndi sandipepa wosalala, n'kuikamo pisitoni yabwino.

Ndiye kwa amene ali ndi makina a 30cc mpaka 45cc, ndimati tcheni yakuthwa, bar yaifupi, sailensa ndi kabureta yosinthika, basi. Kwa amene ali ndi 50cc ya silinda yapayokha, onjezani kuchotsa gasiketi mutayeza, ndipo porting ibwere pomaliza ngati ndalama zilipo. Zosintha za pa injinizi zimathetsa waranti ndipo zimakweza phokoso, choncho zotseka m'makutu musaziiwale. Injini yosinthidwa ipatseni oyilo wabwino wa 2T pa 40:1, kutanthauza 25ml pa lita imodzi ya petulo m'malo mwa 20ml ya 50:1, ndipo H muikonze mutathira kale kasakanizidwe katsopanoko.

Ngati big bore mwagula kale, tayani tizitsulo ta pini tobwera m'bokosi, muike ta ku fakitale, kukamwa kwake kutaloza m'mwamba kapena pansi, osati cham'mbali. Salazani m'mphepete mwa mabowo onse ndi sandipepa, sinthani maring'i, yezani mpata wa pamwamba ndi solder, ndipo mukatha matanki awiri oyamba chotsani sailensa muone ngati pisitoni yayamba mizere.