DR650, KLR650 kapena F650GS: yakale iti yoti mugule kuno ku Lilongwe?

Funso ili landitopetsa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp ndiye ndangoti ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomuponyera. Munthu wapezako kandalama, Lifan yamukwana, akufuna njinga yaikulu yoti wina anakwerapo kale yoti azipita nayo ku Salima, ku Mzuzu, mwinanso kukwera mpaka ku Nyika, ndiye akuti achimwene ndigule iti. Zomwe zimagwa m'manja mwathu kuno zambiri zimachokera ku South Africa ndipo maina ake ndi omwewo omwewo, Suzuki DR650, Kawasaki KLR650 ndi BMW F650GS ya silinda imodzi ija. Za mahosipawa ndi liwiro sindinenapo, zili pa intaneti mbwee, komanso pa M1 pamene mbuzi ndi akabaza amangotulukira osaona kumbali, zonse zitatu zimathamanga kuposa momwe msewu ungakuloleni.

Ine ndine wa DR ndipo sindibisa, ndiye muziwerenga mukudziwa zimenezo.

Pa mafuta BMW imawina, palibe mtsutso. Imayendera fuel injection, jekishoni yopopera mafuta mu injini ndi magetsi m'malo mwa kabuleta, thanki yake ya malita 17 ili pansi pa mpando, ndipo mukamayenda bwinobwino imadutsa makilomita 25 pa lita osavutika. KLR imamwa kuposa pamenepo koma thanki yake ndi ya malita pafupifupi 23 ndiye imafika patali ndithu. DR apa ndi pomwe imachititsa manyazi, kathanki ka malita 13 basi, ulendo wa ku Mzuzu wa makilomita cha m'ma 350 simungaumalize osaima pa Kasungu kapena pa Jenda, ndipo masiku amene mafilling station amakhala gwa, mizere mpaka kumsewu, zimenezi si zoseketsa. Anthu a DR ambiri amagula thanki yapulasitiki ya Acerbis ya malita 25, ndiye muwerengeretu ndalama imeneyo pamtengo wa njinga.

Kukhala bwino pampando, F650GS yoyamba, KLR yachiwiri makamaka ya 2008 kupita m'tsogolo yomwe ili ndi chotchinga mphepo chachikulupo, DR yomaliza kutalitali. Mpando wa DR ndi wouma, mukafika pa Mponela mwayamba kale kusinthasintha makhalidwe. Otokosa mipando ya magalimoto amauonjezera siponji ndipo zimasinthako. Ngati madamu azikwera nawo maulendo ataliatali, DR ikudanitsani.

Koma njinga yakale sitigula poona tsiku lomwe ikuyenda bwino, timagula poganiza tsiku lomwe yafa, ndipo yafera kuti. Tiyerekeze mwatuluka pa Rumphi mukulowera ku Thazima, kapena muli m'kati mwa Dzalanyama netiweki palibe. DR ilibe radiyeta, imazizira ndi mphepo ndi oilo, ndiye nkhani ya madzi kudontha, fani kufa, paipi kuphulika kulibeko. Ili ndi kabuleta, chinthu chomwe makaniko aliyense wa njinga ku Biwi, ku Mchesi ngakhale pa trading centre iliyonse amachidziwa ngati dzina lake. Mavavu ake amatchunidwa ndi sipanala ndi sikuludiraiva pansi pa mtengo wa mango, pomwe KLR ndi BMW zimafuna mashimu, tizitsulo tamasaizi osiyanasiyana toti muchite kuitanitsa. Mavuto a DR alipo, timasikulu tiwiri togwira kasensa ka nyutulo kuseri kwa kilatchi timakonda kumasuka tokha ndipo kamodzi kakagwera m'magiya mwalira, koma ndi ntchito ya masana amodzi, kutsegula, kupaka loctite (guluu wogwira masikulu), kumanga, kuiwala. Ikakhala ya 1998 kapena 1999 funsaninso ngati anasintha giya ya sitata, zaka ziwiri zimenezo zinatuluka zopanda choteteza injini ikabwezera m'mbuyo.

KLR nayonso ndi ya kabuleta, zonse kuyambira 1987 mpaka 2018, ndiye pamafuta akuda a m'zigubu imapirira chimodzimodzi. Koma ili ndi kachitsulo kena kokungira tcheni cha balansa m'kati mwa injini komwe eni ake dziko lonse amakatchula kuti doohickey. Pa zakale zisanafike 2008 kamathyoka, pa zatsopanozo anakalimbitsa koma sipuling'i yake imafulumira kutha mphamvu. Wogulitsa mukamufunsa za kachitsulo kameneka iye n'kungokuyang'anani kukamwa, dziwani kuti sikanasinthidwe, ndipo kukasintha kumafuna kuchotsa flywheel ndi chokokera chake chenicheni, osati hamala ndi tchizulo zomwe ena amathamangira. China, KLR za 2008 zinatchuka ndi kudya oilo mukamathamanga nthawi yaitali, ndiye muziona kagalasi ka oilo paliponse mwaima. Komanso ndi yolemera, pafupifupi makilogalamu 30 kuposa DR, ndipo kusiyana kumeneku simukumva pa Presidential Way, mukumva pa Gorodi mukukwera ku Livingstonia, ikagwa pa kona yamiyala inu nokha thukuta lili kamukamu mukuyesa kuidzutsa.

F650GS injini yake ya Rotax ndi yolimba, zimenezo sindingatsutse. Chomwe chimandichititsa kuti ndisamauze anzanga kuti gulani ndi pampu ya madzi. Shafti yake imadyeka pomwe pamakhudza maseal awiri aja, madzi n'kuyamba kusakanikirana ndi oilo. Mukapita kokaona yogulitsa, tsegulani potsirira oilo muone, akakhala kuti akuoneka ngati tiyi wamkaka bwererani kapena mugwetse mtengo kwambiri. Pansi pa pampupo palinso kabowo kakang'ono, pakakhala ponyowa ndiye kuti yayamba. Kukonza kwake si kovuta kwenikweni koma zida zake simuzipeza pa Malangalanga, muchita kuitanitsa ku Joni ndi marandi, n'kumadikira basi kapena thiransipota. Onjezani pampu ya mafuta yomwe simvana ndi petulo wa zinyalala, ndi batire yomwe ikangofooka njinga yonse ili duu chifukwa jekishoni siyenda popanda magetsi. Chenjeraninso ndi dzina, kuyambira 2008 BMW inapereka dzina lomweli la F650GS kwa njinga ina ya masilinda awiri ya 798cc, ndiye poitanitsa masipeya tchulani chaka, mungalandire katundu wosalowa mutalipira kale.

Kwa amene mukuganizira BMW ina yaikulu, R1200GS, ndi njinga yokoma, pa tala palibe yoifika ndipo ilibe tcheni choti muzipaka oilo, koma ikayatsa kanyali pa dashibodi imafuna kompyuta yake, eni ake ambiri amayenda ndi kachida kotchedwa GS-911. Za 2004 mpaka 2006 zili ndi mabuleki a servo (othandizidwa ndi pampu ya magetsi) omwe akafa mtengo wake ndi wogulira njinga ya kabaza yatsopano. Ngati malipiro anu amabwera m'madola, gulani, mutipatseko tiyese. Ngati ndi a makwacha omwe anagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 aja, isiyeni.

Tsopano nkhani yomwe inandiwawa ine, ndipo yomwe ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse zam'mwambazi, ndi mapepala. Mtundu wa njinga yake sinditchula chifukwa njingayo inalibe mlandu, inali kuyenda bwino kwabasi. Wondigulitsa anali mkulu wina wooneka waulemu wake, wolankhula mofatsa, njinga ili ndi nambala ya ku South Africa, iye akuti anaigula kwa mzungu wina woyendera maiko yemwe anatopa n'kukwera ndege kubwerera kwawo. Mapepala akuti ali ndi ajenti, zonse zili mu process, sabata yamawa blue book ituluka, anandionetsa mpaka fayilo yamafotokope yodindadinda. Mtengo unali wabwino koma osati wotsika mokayikitsa. Ndalama zitangolowa, foni ya mkulu uja inayamba kumangoitana.

Zomwe zinali m'fayilomo ndi izi. Njinga inalowa pa boda ndi TIP, chilolezo chongodutsira chomwe a MRA amapereka kwa mlendo kuti ayende ndi galimoto yake m'dziko muno kwa masiku owerengeka kenako atuluke nayo. TIP imeneyo inali m'dzina la mlendo uja ndipo inali itatha kalekale. Dyuti sinalipidwe ngakhale tambala. Ku Road Traffic sangakulembetsereni njinga yomwe kasitomu sinaikiliye, ndiye simungapeze nambala ya kuno, COF kapena inshuwalansi yolongosoka, ndipo pa rodibuloko iliyonse mtima umakhala uli m'mwamba. Njinga inakhala kuseri kwa nyumba itafundidwa tenti, matayala akuphwa, ine ndikukwera minibasi kupita ku ntchito ku Kanengo, anthu a pamalo akundifunsa kuti bwana chinthu chija chinafa?

Kuti ndiikiliye, dyuti anawerengera pa mtengo womwe a kasitomu anaiona kuti njingayo ndi yokwana, osati pa karisiti kolemba pamanja komwe ndinali nako, pamwamba pake panabweranso chindapusa cha TIP yopitirira masiku. Ajenti woyamba yemwe mkulu uja ananditumizako anadya ya "kufulumizitsa" n'kusowa. Kenako panafunika chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti njinga sinabedwe komwe inachokera, chomwe chimayenera kutengedwa ku South Africa konko njinga isanatuluke, ndiye tangoganizani kuchisaka muli ku Area 25 mwini dzina ali kutsidya la nyanja sakuyankha ma email. Pomwe nambala ya Malawi inkamangidwa, ndalama zonse pamodzi zinali zoti ndikanagula njinga yabwinopo yokhala kale ndi blue book, n'kutsala ndi ya matayala. Mkulu uja ndimakumana naye m'tauni, amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Ndiye ndikamati DR ndi yabwino kuposa KLR, ndikunena zonse zili ndi mapepala. KLR yotopa yokhala ndi blue book ya Malawi m'dzina la amene akukugulitsaniyo, ndiitenga kusiya DR yonyezimira ya nambala yakunja. Gwadani pansi muwerenge nokha nambala ya tchesisi pakhosi pa felemu ndi ya injini, mufananize ndi zomwe zili m'bukumo chilembo ndi chilembo, ndipo kosintha umwini mupite limodzi ndi mwini wake, osati kutuma madobadoba. Ikakhala kuti mukuitanitsa nokha ku Joni, pa pepala lawo la umwini pamalembedwa maina awiri, owner ndi title holder, pa title holder pakakhala dzina la banki ndiye kuti ngongole sinathe, njinga si yake. Laisensi nayonso, code A1 imathera pa 125cc, zonsezi zimafuna code A.

Matayala ndi vuto la tonse, masaizi akuluakuluwa sapezeka chisawawa m'mashopu a zida za kabaza, ndiye itanitsani lakumbuyo lisanathe. DR ndi KLR zili ndi mwayi umodzi, tayala lakutsogolo ndi la mainchesi 21, ndiye chubu cha Yamaha DT125 zomwe alangizi ndi a mabungwe amakwera chimakupulumutsani kumudzi. F650GS wamba kutsogolo ndi 19, mtundu wake wotchedwa Dakar wokha ndiwo 21. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo njinga ya kabuleta ikakhala milungu osayenda majeti amatsekeka, ndiye ngati muiimika nthawi yaitali khetsani mafuta a m'kabuleta kaye.

Pokaona njinga muuzeni wogulitsa kuti asailize inu musanafike, mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda pomwe munapangana kuti ikhale yozizira, pali chomwe akubisa, kaya kuvuta kulira m'mawa kaya utsi. Ndipo inu aafupi amene mumandiuza kuti DR ndi yaitali miyendo sifika pansi, Suzuki anaipanga yoti imatsitsika ndi masentimita 4 posintha bawuti ya shoko yakumbuyo ndi kutembenuza zina m'mafoloko, kungoti sitandi nayo imafunika yaifupi. Mukayesa zimenezo n'kuona kuti mukupondabe ndi zala, pamenepo ndiye ndikulolani F650GS, koma muitanitsiretu shafti ya pampu ndi maseal ake mu katundu yemweyo wa matayala.