Nkhono zodya ndere mu thanki ya makorali, zina ndi ntchito zina ndi kutaya ndalama

Thanki ya madzi amchere yowetera nsomba ndi makorali (tizamoyo tam'nyanja tomwe timamanga matanthwe) ikangoyamba kuchita ndere pagalasi ndi pamiyala, ogulitsa ambiri amathamangira kukuuzani kuti tengani paketi ya nkhono zosakaniza, ati zikakonza zonse. Ine ndinatenga paketi yoteroyo ndipo ndakhala ndikuziona mmene zimagwirira ntchito, ndiye ndinene mosabisa, paketi sindingakulangizeni, bola kusankha nokha mtundu ndi mtundu.

Trochus ndiye ndaikonda zedi. Chigoba chake ndi chosongoka pamwamba, chamizeremizere, ndipo imadya ndere zopyapyala zija za pagalasi komanso zabulauni zomwe zimabwera thanki ikakhala yatsopano, ikadutsa pamwala mumachita kuona njira yoyera mmbuyo mwake. Koma chomwe chinandikopa kwambiri nchoti ikagwa chagada imadzitembenuza yokha, imatambasula thupi lija nkugwira pansi basi yadzuka. Kwawo ndi kunyanja zofunda za Indo-Pacific ndiye madigiri 25 kapena 26 a Celsius omwe makorali amafuna iyo ilibe nawo vuto, ndipo madzi akakhala bwino imaswana mu thanki momwemo, usiku mukawalitsa tochi mumaona tiana titamatirira pagalasi. Ndiyodulirapo inde koma imakhalitsa.

Astraea kudya imadya bwino, sindingainamizire, vuto ikagwa chagada pamchenga kudzuka imalephera, ndiye mmawa uliwonse muzisuzumira nkuitembenuza, mukachedwa nkhanu za hermit, zomwe zimakhala mu zigoba za nkhono, zaipha kale nkulanda chigoba.

Turbo ya ku Mexico ndi chimphona pa ndere zazitali ngati tsitsi zija, imameta mwala wonse mosachedwa. Koma ndiyayikulu komanso yamphamvu, tizidutswa ta makorali tomwe simunamate ndi guluu imatigwetsa usiku. Imachokera ku Gulf of California komwe madzi amazizirirapo, ndiye thanki ikamatentha kwambiri siyikhalitsa.

Pomwe ndinakhumudwa ndi pa Margarita zomwe wogulitsa anaika zambiri mu paketimo. Zimenezi ndi za madzi ozizira amangwetu, mu thanki yofunda zimangofooka pang'onopang'ono mpaka kufa, ndipo ogulitsa amadziwa koma amaziikabe poti nzotchipa. Zimandipweteka chifukwa izi nzamoyo, zachotsedwa kunyanja kuti zidzangofera mu galasi la munthu. Nassarius nazo amazitcha zodya ndere koma ayi ndithu, izo zimakhala zitakwiririka mumchenga nkumadikira zakudya zotsala ndi zinthu zakufa, mukaponya chakudya zimatulukira zonse nthawi imodzi. Nzothandiza pa mchenga, basi musaziwerengere pa ndere. Cerith ndi zazing'ono, zimalowa mmaming'alu momwe zinzake sizifika, zochepa zokha nzabwino kukhala nazo.

Chinanso, langizo lija lakuti nkhono imodzi pa galoni iliyonse musalitsate. Ndere zikatha zimafa ndi njala, ndipo zikamawola zimaonjezera nitrate ndi phosphate, zomwe ndi chakudya cha ndere, ndiye ndere nkubwereranso mwamphamvu. Yambani ndi zochepa, muone sabata zingapo, ngati miyala yayera kwambiri zipatseni nori, ndere zam'nyanja zoumitsa. Ndipo musayembekeze kuti zithana ndi ndere za Bryopsis kapena Valonia ya mibulu yobiriwira ija, zimenezo nthawi zambiri zimangolambalala.

Zikafika musangozithira mu thanki, nkhono zimadana ndi kusintha kwadzidzidzi kwa mchere ndiye muzidonthezera madzi a thanki yanu mu chidebe chawo pang'onopang'ono kwa ola lathunthu kapena kupitirirapo. Mchere ukhale cha pa 1.025 pa muyezo wa specific gravity (kulemera kwa madziwo poyerekeza ndi madzi opanda mchere), calcium isatsike kwambiri pansi pa 400 ppm (magawo 400 pa miliyoni) poti chigoba chimamangidwa ndi iyeyo, ndipo thanki yomwe munathiramo mankhwala a kopa pochiza nsomba musaikemo nkhono, kopa amazipha ngakhale atakhala wochepa. Ngati muli ndi nsomba za puffer kapena trigger iwalaniko, zimenezo nkhono ndi ndiwo zawo.

Nkhono ikakhala malo amodzi osasuntha masiku angapo musafulumire kuitaya, itulutseni muinunkhize, yakufa fungo lake silibisika ndipo imeneyo ichotseni nthawi yomweyo isanaononge madzi.