Chibangiri cha mikanda 28: chimayambitsa nkhani, koma si kalendala

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, kachibangiri ka mikanda 28, isanu mwa iyo yofiira, kamayamba kuoneka pamikono ya atsikana, aphunzitsi ndi azaumoyo. Ndi chizindikiro cha tsiku loganizira za msambo, limene limachitika pa 28 Meyi kuyambira mu 2014, ndipo analiyambitsa ndi a bungwe la ku Germany lotchedwa WASH United. Manambalawo sanangowatola. Masiku 28 ndiwo amatengedwa ngati apakatikati kuchokera tsiku loyamba kusamba kufika tsiku loyamba la msambo wotsatira, pamene 5 ndi masiku apakatikati amene magazi amatuluka, n'chifukwa chakenso anasankha mwezi wachisanu.

Monga ntchito ya luso, kanthu aka n'kofatsa kwambiri. Judy Chicago wa ku America anadzidzimutsa anthu mu 1971 ndi chithunzi chake chotchedwa Red Flag, choonetsa dzanja likuchotsa thonje lamagazi. Zanele Muholi wa ku South Africa anagwiritsa ntchito magazi enieni a msambo pa zithunzi zimene anazitcha Isilumo siyaluma. Zoterezi zimagwedeza anthu m'nyumba zoonetsera zaluso, koma simungapite nazo kukalasi ya Sitandade 6 mphunzitsi wamkulu n'kukulandirani. Chibangiri chimalowa paliponse, ngakhale kutchalitchi. Munthu amangofunsa kuti, "Nanga isanu yofiirayi ndi yachiyani?" ndipo nkhani imene anthu amainong'ona yayambika poyera. Pa ntchito imeneyi timachipatsa ulemu wake wonse.

Kwathu kuno chili ndi kulemera kwina kumene okonza ake a ku Berlin mwina sanakuganizire. Mkanda wofiira si mlendo. Anankungwi akhala akulangiza mkazi wolowa m'banja kuti akakhala kumwezi aike mkanda wofiira pamene mwamuna auone, ndipo akamaliza aikepo woyera. Chinali chinenero cha kuchipinda, cha anthu awiri okha. Chibangirichi chimatenga chinenero chomwecho n'kuchitulutsa pabwalo. Mphamvu yake ili pomwepo, vuto lakenso lili pomwepo. Mtsikana akavala yekha m'kalasi, anyamata amamasulira kuti akusamba lero, ndiye m'malo mochotsa manyazi chawonjezera. Azigogo ena amaona ngati mwana waulula za kuchinamwali. Chimagwira bwino ntchito chikavalidwa ndi onse tsiku limodzi, anyamata ndi aphunzitsi aamuna omwe, ndipo pakanenedwa momveka kuti sichisonyeza kuti wovalayo ali kumwezi.

Tsopano kapangidwe kake. Popeza chiwerengero cha mikanda sichisintha, kukula kwa chibangiri kumadalira kukula kwa mkanda, ndipo ogulitsa ambiri amaphonya apa. Mikanda 28 ya mamilimita 6 ikandandalikidwa imatalika masentimita 16.8, koma ikapindidwa kukhala bwalo mkati mwake mumatsala pafupifupi masentimita 15, chifukwa mkanda uliwonse umadya malo. Chimenecho chimakwana mtsikana wa kupulayimale kapena mayi wa mkono wowonda. Ya mamilimita 8 imatalika masentimita 22.4, mkati n'kutsala pafupifupi 20, ndiye ndi ya abambo kapena amayi onenepa; pamkono wa mwana imavuka akangokweza dzanja. Ya mamilimita 4 ndi yongotaya ndalama, siikwana ngakhale wa Sitandade 1. Yezani mkono ndi tepi ya telala, muwonjezere sentimita imodzi, kenako musankhe mkanda. Ngati chikuthina, musawonjezere mikanda yofanana ndi inzake, chifukwa 28 uja asokonekera. Ikani timikanda ting'onoting'ono tooneka ngati madzi pakati pa ikuluikuluyo.

Lasitiki wabwino ndi woonekera uja wa mamilimita 0.8, kapena wa milimita imodzi ngati mikanda ndi yagalasi yolemera. Dulani masentimita 30 kuti manja apeze pogwira, ndipo musanayambe kutunga mum'koke katatu kapena kanayi. Lasitiki wosakokedwa amatamuka pakatha masiku ochepa, mikanda n'kutalikirana ngati mano a nkhalamba. Kumapeto kumodzi matanipo kaselotepi kuti mikanda isathawe. Mfundo wamba imamasuka chifukwa lasitikiyu ndi woterera: zungulizani kawiri musanakoke, mumange kachiwiri, mudonthezepo kadontho ka utoto wa zikhadabo wopanda mtundu, ukauma mubise mfundoyo m'bowo la mkanda. Supa guluu amaumitsa lasitiki mpaka amathyoka pomwepo pamfundo. Ulusi wa mbedza ndi wolimba, koma sutamuka, ndiye umafuna kokolera, ndipo kokolera wotchipa amachita dzimbiri mvula ikangoyamba.

Za mikanda yeniyeniyo, yagalasi ndiyo yabwino, popeza mtundu wake uli mkati ndipo susuluka. Muone kaye pabowo, chifukwa ina imakhala yakuthwa n'kumacheka lasitiki pang'onopang'ono. Yapulasitiki yopakidwa utoto pamwamba imayamba kusupuka ikakumana ndi sopo ndi mafuta odzola, ndipo pakatha mwezi yofiira ija imasanduka yotuwa. Yamitengo yonyikidwa mu utoto imadetsa mkono ndi malaya a yunifomu munthu akatuluka thukuta. Yamapepala, yopinda pakamtengo ka machesi kapena pawaya, ndi yotsika mtengo ndipo ana amasangalala kuipanga okha, koma imafuna vanishi kawiri, kuumitsa usiku wonse pakati pake. Apo ayi imafufuma tsiku loyamba kuchapa mbale. Kuyesa n'kosavuta: pukutani mkanda wofiira ndi kansalu koyera konyowa. Kakatenga mtundu, siyani.

Isanu yofiirayo iikidwe pamodzi motsatana, osati kuimwaza. Ina 23 ikhale ya mtundu umodzi wosiyana kwambiri ndi wofiira, monga woyera, wakuda kapena wachikasu. Ogulitsa ena amaika yapinki m'malo mwa yofiira kuti chioneke chaulemu. Kumeneko n'kubwerera kumene tikuthawa, chimodzimodzi otsatsa mapadi amene kwa zaka zambiri ankathira madzi abuluu pa wailesi yakanema ngati kuti magazi a mkazi ndi inki.

Cholakwika chachikulu sichili pa lasitiki ayi. Anthu amachitenga ngati chowerengera masiku. Si mkazi aliyense amatenga masiku 28. Kwa wamkulu, pakati pa masiku 21 ndi 35 palibe chodetsa nkhawa, ndipo kwa amene angotha msinkhu amatha kufika 45 m'zaka zoyambirira. Kusamba kumatenga masiku awiri mpaka asanu ndi awiri. Mtsikana amene amasamba masiku atatu akauzidwa kuti yofiira ndi isanu basi, amayamba kuganiza kuti akudwala, ndipo popeza nkhaniyi ndi yamanyazi safunsa aliyense. Wogawa zibangiri ayenera kunena manambala enawa pakamwa.

Choopsa koposa n'kuchisokoneza ndi mikanda yolerera ija ya kuchipatala, yotchedwa CycleBeads, imene inakonzedwa ku Georgetown University, sukulu ya ukachenjede ya ku America. Imeneyo ndi 32, wofiira ndi umodzi wokha wa tsiku loyamba kusamba, yoyera ndi 12 yosonyeza tsiku la 8 mpaka la 19 pamene mayi angatenge pakati, yotsalayo ndi yakhofi, ndipo pali kamphira kakuda kosuntha tsiku lililonse. Imagwira ntchito kwa amayi okhawo amene masiku awo amakhala pakati pa 26 ndi 32. Chibangiri cha 28 Meyi chilibe chilichonse cha zimenezi. Woganiza kuti mikanda 23 yosafiira ndi masiku opanda chiopsezo akhoza kutenga mimba. Pachifukwa ichi sitilimbikitsa kusakaniza yoyera ndi yakhofi pachibangiri chimodzi, ngakhale zimakongola.

Ndiye n'choyenera kugula? Kwa kalabu ya atsikana, gulu la amayi a pasukulu kapena mpingo, kugula mikanda yapaketi n'kupanga pamodzi kumaposa kugula zopangapanga, chifukwa pa theka la ola limene manja ali kalikiliki kutunga ndi pamene mafunso a nyanda, mapadi, cham'mimba ndi zothira mchere m'ndiwo amatuluka okha. Kalasi ya ana 60 imafuna mikanda yofiira 300, ina 1,380 ndi lasitiki wa mamita 18. Onjezeranipo pang'ono, chifukwa ina imagwera pansi ndipo ina imabwera yotsekeka pabowo.