Ndemanga ya maphunziro a masiku asanu okonza Wi-Fi ya m'mabungwe akuluakulu

Ndimayang'anira makompyuta ndi intaneti pa sukulu ina ya ukachenjede, ndipo kwa zaka zingapo dandaulo limene linkandilandira m'mawa uliwonse linali limodzimodzi: foni ikuonetsa kuti Wi-Fi ili ndi mphamvu zonse koma tsamba silikutseguka. Mankhwala anga anali kugula access point ina, kachipangizo kofalitsa Wi-Fi, n'kuikhomera pakhoma. Akuluakulu atatopa ndi kugula zipangizo, ananditumiza ku Johannesburg ku maphunziro a masiku asanu okonzekeretsa anthu mayeso a CWDP (a kakonzedwe ka Wi-Fi) ndi CWAP (a kufufuza mavuto ake), omwe amaperekedwa ndi bungwe la CWNP lopereka ziphaso za ukatswiri wa Wi-Fi. Ndemangayi ndikuilemba patatha miyezi inayi chibwerereni, nditayesa kale zimene ndinaphunzirazo.

Phunziro la tsiku loyamba ndi limene linandichititsa manyazi, komanso ndi limene linabweza ndalama zonse. Wi-Fi imayenda ngati bwalo la milandu kwa amfumu, kumene munthu mmodzi yekha amalankhula ena onse ali chete, pakuti pa channel imodzi, kutanthauza njira imodzi ya m'mlengalenga yodutsamo mauthenga, zipangizo zimene zikumvana zimasinthana mpata wotumiza uthenga. Pa 2.4 GHz, limodzi mwa magawo a mafunde amene Wi-Fi imagwiritsa ntchito, pali ma channel atatu okha osalowererana, omwe ndi 1, 6 ndi 11. Ine ndinali nditaika ma access point asanu ndi awiri m'nyumba imodzi, onse ndinawakweza mphamvu mpaka pamapeto, choncho ankangomverana n'kumadikirirana. Ndinamvetsanso kuti access point yofuula kwambiri imanyenga foni: foniyo imaimva bwino ili patali, koma liwu lake laling'ono silifika pobwerera.

Masiku atatu oyambawo anali a kakonzedwe, ndipo anayenda bwino kwambiri. Tinaphunzira kuyamba ndi mafunso, monga chiwerengero cha anthu amene adzakhale m'chipinda, mtundu wa zipangizo zawo ndi ntchito imene adzagwire, tisanaganize n'komwe za malo oikapo access point. Pofuna kuti anthu aziimbirana bwino pa Wi-Fi, tinkakonza kuti mphamvu ya Wi-Fi yofika pa foni, imene imayezedwa mu dBm, isatsike kupitirira -67 dBm ndipo iziposa phokoso la m'mlengalenga ndi 25 dB. Kumalo a anthu ambiri, ma channel opapatiza a 20 MHz pa 5 GHz amathandiza kuposa otakata a 80 MHz, chifukwa opapatizawo amakhalapo ambiri. Chinanso n'chakuti dzina lililonse la Wi-Fi limadzilengeza pafupifupi kakhumi pa sekondi, ndipo ngati liwiro lakale la 1, 2, 5.5 ndi 11 Mbps silinatsekedwe, malengezowo amadya mpata wambiri. Kwathu mayinawo analipo asanu ndi limodzi. Lero atsala atatu.

Chimene sichinandikhutiritse m'gawoli ndi zitsanzo za nyumba. Mapulani amene tinkagwiritsa ntchito anali a maofesi ogawidwa ndi zipupa zopyapyala, pamene kwathu kuno makoma ndi a njerwa zootcha zopakidwa simenti mbali zonse. Popeza kutaya 3 dB kokha n'kutaya theka la mphamvu, kulakwitsa pa khoma limodzi kumasokoneza pulani yonse. Nditafunsa, mphunzitsi anandilangiza kuimika access point pamtengo n'kuyeza mbali zonse ziwiri za khomalo m'malo mokhulupirira manambala a mu pulogalamu. Langizolo linali labwino, koma linayenera kukhala m'maphunziromo osadikira kuti munthu afunse. Malamulo a ma channel amene tinakambirana anali a ICASA, bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga ku South Africa, choncho a MACRA ndinachita kudzifufuzira nditabwerera.

Gawo lofufuza mavuto analipanikiza m'masiku awiri, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti mayeso awiri sakwana m'sabata imodzi. Tinagwira mauthenga a m'mlengalenga ndi pulogalamu ya Wireshark, tinatsata mmene foni imadzidziwitsira kudzera pa ndondomeko ya 802.1X ndi seva ya RADIUS yotsimikizira olowa, ndipo tinaona mauthenga anayi amene amasinthanidwa popanga kiyi yotetezera mauthenga. Koma nkhani ya 802.11k, 802.11r ndi 802.11v, yokhudza kusamuka kwa foni kuchoka pa access point ina kupita pa inzake, tinangoidutsa mothamanga madzulo anthu atatopa. M'kalasi tinkagwiritsa ntchito pulogalamu yokonzera Wi-Fi ya Ekahau ndi chida chake choyezera cha Sidekick, zida zabwino zedi, kungoti okonza maphunzirowo sanapatule nthawi yophunzitsa munthu amene akubwerera kuntchito ndi laputopu yokha.

Ngakhale zili choncho, chizolowezi chotsata vuto kuyambira pa foni mpaka pa seva chinandithandiza sabata yoyamba. Vuto limene tinali nalo m'laibulale yathu silinali la Wi-Fi n'komwe: seva ya DHCP, yogawira zipangizo maadiresi a pa intaneti, inali ndi maadiresi osapitirira 254 ndipo inkabwereketsa iliyonse kwa masiku asanu ndi atatu, choncho ankatha asanafike masana. Ndinapezanso ma access point ofuna magetsi a 30 W atalumikizidwa ku switch yakale (bokosi lolumikiza zingwe za intaneti, limene limawapatsanso magetsi) yopereka 15.4 W yokha.

Maphunzirowa ndikuwapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Amene sanakhoze CWNA, mayeso a maziko a Wi-Fi a bungwe la CWNP, asawononge ndalama zakunja, zomwe n'zovuta kale kupeza, chifukwa mphunzitsi sabwerera kukafotokoza za dBm. Ineyo mayeso a CWDP ndikuona kuti ndawakonzeka, koma a CWAP ndawasunthira chaka chamawa.