Ofesi yodandaulirako za apolisi ya ICC: imathandiza, koma mupite ndi umboni m'manja

Bungwe la Independent Complaints Commission, lomwe ambiri amangoti ICC, linakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010, koma linakhala pa pepala pokha kwa zaka 10. Kamishonala woyamba, a Christopher Tukula, anasankhidwa mu 2020, nkhani ya amayi a kwa Msundwe omwe anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu 2019 ili mkamwamkamwa.

Ubwino wake waukulu ndi woti si apolisi. Kale munthu womenyedwa m'chitokosi ankayenera kukadandaula kupolisi komweko, mwina kwa mnzake wa amene wamumenyayo. Lamulo limapatsa ICC mphamvu zolandira madandaulo a anthu, komanso zofufuza imfa kapena kuvulala kulikonse kochitika munthu ali m'manja mwa apolisi. Kudandaula ndi kwaulere, ndipo simufunika loya.

Madandaulo ambiri amafooka chifukwa cha umboni wochepa. Kunena kuti "wapolisi wina wamtali" sikufikitsa wofufuza kulikonse. Lembani tsiku lomwelo zonse zomwe mukukumbukira: deti, ola, dzina la polisi kapena malo a rodibuloko, dzina ndi udindo wa wapolisiyo ngati munamva anzake akumutchula, nambala ya galimoto, ndi mayina a mboni pamodzi ndi manambala awo a foni. Ngati mwavulala, pitani kuchipatala mabala asanapole ndipo dokotala alembe zomwe waona. Apa pali vuto lodziwika: kuchipatala amakonda kufunsa kalata ya kupolisi pa nkhani za kumenyedwa, ndiye kalatayo mukaitenga kwa yani? Pitani kupolisi ina, kapena umirirani kuti akulembereni m'buku lanu la kuchipatala. Jambulani mabalawo pa foni ndi kutumiza zithunzizo kwa m'bale, poti foni itha kulandidwa.

Dziwaninso chimene mukudandaula. Malamulo oyendetsera dziko lino, mu gawo 42, amati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chomwe amamva, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi salipira. Chindapusa cha pamsewu chimayenera kukhala ndi lisiti ya boma. Ndipo kuyambira mu 2017, pamene bwalo lalikulu linathetsa gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda wa ku Blantyre, kumanga munthu chifukwa chongopezeka panja usiku pogwiritsa ntchito gawo limeneli kulibenso maziko. Dandaulo lotchula lamulo lomwe laphwanyidwa limamveka msanga kuposa longofotokoza mkwiyo.

Zofooka zilipo, ndipo si zazing'ono. Likulu lili ku Lilongwe, pomwe nkhanza zimachitikanso ku Chitipa ndi ku Nsanje, ndipo ofufuza ndi ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa apolisi m'dziko muno. Choncho musayembekezere yankho la sabata yomweyo. Sungani kope la dandaulo lanu, funsani nambala ya fayilo, ndipo muzikumbutsa polemba kalata.

China, ICC si khoti. Ikamaliza kufufuza imapereka zotsatira ndi malangizo kwa akuluakulu oyenera, monga mkulu wa apolisi kapena mkulu wozenga milandu ya boma, ndipo iwowo ndi amene amalanga kapena kutsegula mlandu. Wofuna chipukuta misozi ayenera kusumira boma kukhoti kudzera kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo asadikire kuti ICC imalize kaye, chifukwa milandu yotere ili ndi nthawi yake yomwe imatha. Ngati nkhani yanu ndi ya wapolisi wopempha ya fanta, khomo lolondola ndi la ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu.